Santiago Ramón y Cajal: Mwana Wopulupudza Amene Anaunika Ubongo

Cajal anabadwira ku Spain m'chaka cha 1852. Kusukulu anali wopulupudza, moti bambo ake anamuchotsa nakamusiya kwa wometa tsitsi, kenaka kwa wosoka nsapato. Atabwerera kumaphunziro anakhala dokotala wa asilikali ku Cuba, kumene anadwala malungo, omwewa atisautsa kuno ku Bua.

Mu 1890, pounika ndi maikulosikopu anapiye adakali m'dzira, anaona kansonga kamene mtsempha umakulira pofunafuna njira yake m'thupi. Anasonyezanso kuti ubongo ndi maselo apaokhapaokha, osati ukonde umodzi wolukana. Analandira mphotho ya Nobel mu 1906, namwalira mu 1934. Zojambula zake akuphunzitsirabe madokotala mpaka lero.

Anzathu, mwana wovuta m'kalasi tisamafulumire kumutaya.