Cicely Saunders, mayi amene adakumbukira odwazika matenda

Khansa ikafika poti madokotala sangaichizenso, maso a anthu amakhala pa wodwala, ndipo amaiwala mkazi, mwana kapena mlongo amene akuchezera usiku pambali pake. Cicely Saunders wa ku England adathera moyo wake akuphunzitsa kuti odwazika matendawa nawonso amafunika chisamaliro.

Iye adabadwa pa 22 Juni 1918 ku Barnet, kumpoto kwa London. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse adaphunzira unamwino pachipatala cha St Thomas, koma msana utayamba kumuvuta adausiya n'kukhala mlangizi wothandiza odwala ndi mabanja awo pa mavuto a kunyumba.

Mu 1948 ankayendera David Tasma, Myuda wa ku Poland amene khansa inkamumaliza ali kutali ndi kwawo. Pomwalira, Tasma adamusiyira mapaundi 500 oti adzathandizire kumanga nyumba yosamaliramo odwala otere.

Kuti mawu ake azimveka pakati pa madokotala, Saunders adabwerera kusukulu ndipo adakhala dokotala mu 1957. Akugwira ntchito ku St Joseph's Hospice ku Hackney, adaonetsa kuti mankhwala monga morphine amathandiza kwambiri akamaperekedwa pa maola okhazikika, ululu usadabwerere. Pomvetsera odwala, adaonanso kuti ululu sukhala m'thupi mokha: mantha, mafunso a mumtima ndi nkhawa ya ana odzatsala zimauwonjezera. Choncho kusamala wodwala n'kusiya banja lake n'kugwira theka la ntchito.

Mu 1967 adatsegula St Christopher's Hospice ku Sydenham, kumwera kwa London, kumene achibale, ngakhale ana, ankalandiridwa momasuka. Mu 1969 anamwino a kumeneko adayamba kuyendera odwala m'makomo, kulangiza achibale kaperekedwe ka mankhwala ndi kuwauza zoyenera kuyembekezera. Maliro akachitika, ofedwa ankapitirira kulandira uphungu. Njira imeneyi idafalikira m'maiko ambiri.

Saunders adalawanso yekha ntchito yodwazika. Mu 1980 adakwatiwa ndi Marian Bohusz-Szyszko, katswiri wojambula wa ku Poland, ndipo adamusamala pa ukalamba ndi matenda mpaka adamwalira mu 1995.

Pambuyo pake iyenso adadwala khansa. Adamwalira pa 14 Julayi 2005 ali ndi zaka 87, m'nyumba ya St Christopher's imene adaimanga.