Erasmus: Mwana wamasiye yemwe adaphunzira kunja ndi thumba lobooka

Chaka chilichonse ophunzira zikwizikwi a m'mayunivesite a ku Ulaya amalongedza zikwama kukaphunzira semesita imodzi kapena awiri m'dziko lina kudzera m'ndondomeko yotchedwa Erasmus. Mwini dzinalo, Desiderius Erasmus, adali mmphawi yemwe maphunziro ake akunja adawapeza podalira akufuna kwabwino, pophunzitsa ana a anthu olemera ndi polemba mabuku.

Erasmus adabadwira mumzinda wa Rotterdam, m'dziko lomwe lero ndi Netherlands, cha m'ma 1466. Makolo ake adamutumiza kusukulu ku Deventer, koma onse awiri adamwalira ndi mliri iye akadali mnyamata. Omwe adatsala akumuyang'anira adamukankhira kunyumba ya amonke ya ku Steyn, pafupi ndi Gouda, poona kuti imeneyo ndiyo idali njira yosalira ndalama. Adadzozedwa unsembe mu 1492.

Mwayi wotuluka udadza pomwe Henry wa ku Bergen, episkopi wa ku Cambrai, adamulemba ntchito ya ulembi chifukwa cha luso lake pa Chilatini. Episkopiyo amakonza ulendo wa ku Rome, ndipo Erasmus adayembekeza kuti akaona Italy. Ulendowo udalephereka. M'malo mwake, mu 1495, episkopi adamulola kukaphunzira zaumulungu ku yunivesite ya Paris ndipo adalonjeza kumamutumizira kangachepe.

Ndalamazo zidali zochepa ndipo zinkafika mwa apo ndi apo. Erasmus adakakhala ku Collège de Montaigu, komwe kunkagona ophunzira osauka pansi pa ulamuliro wokhwima wa Jan Standonck. Chakudya chidali choipa, zipinda zozizira ndi zauve, moti pasadathe chaka adadwala n'kutulukako. Atapezako bwino adachita lendi chipinda m'tauni n'kuyamba kuphunzitsa Chilatini anyamata ochokera m'mabanja opeza bwino kuti azipeza ya chakudya ndi ya nyumba.

Mmodzi mwa ophunzira akewo, William Blount, wodziwika kuti Lord Mountjoy, adamutengera ku England mu 1499. Kumeneko adakhala miyezi ingapo, mbali ina ku Oxford, ndipo adadziwana ndi Thomas More komanso John Colet. Abwenzi adamuninkha mphatso ndipo adasonkhanitsa mapaundi pafupifupi 20, ndalama zomwe akadadyera miyezi yambiri.

Koma pobwerera, mu Januwale 1500, akuluakulu a pachipata cha padoko la Dover adamulanda pafupifupi ndalama zonsezo. Lamulo la mu ulamuliro wa Mfumu Henry VII linkaletsa kutulutsa golide ndi siliva m'dzikomo, ndipo abwenzi ake adali atamutsimikizira molakwa kuti ndalama zakunja sizikhudzidwa. Adafika ku Paris ali chimanjamanja.

Umphawi umenewu ndiwo udabala buku lomwe lidamutchukitsa. M'miyezi yochepa adasonkhanitsa miyambi 818 ya Chilatini ndi Chigiriki n'kuisindikiza m'chaka chomwecho pa mutu wa Adagia, ndipo adalipereka m'dzina la Mountjoy kuti ubale wa chithandizo usazilale. Nthawi yomweyo adayamba kuphunzira Chigiriki mwakhama, ngakhale ndalama zogulira mabuku ndi kulipira mphunzitsi zinkamusowa.

Ku Italy adakafikako mu 1506, patatha zaka zoposa khumi chiyambireni kulakalaka. Ulendowu adaulipirira poyang'anira maphunziro a ana awiri a dokotala wa Henry VII. Chaka chomwecho adalandira digiri ya udokotala wa zaumulungu ku Turin, ndipo mu 1508 wosindikiza mabuku wa ku Venice, Aldus Manutius, adatulutsanso Adagia ili ndi miyambi yoposa 3,000.

Pakati pa 1511 ndi 1514 adaphunzitsa Chigiriki ku Cambridge. Mpumulo pa nkhani ya ndalama udayamba kuoneka mu 1512 pomwe William Warham, arkiepiskopi wa ku Canterbury, adamupatsa parishi ya Aldington, yomwe idasinthidwa kukhala penshoni ya mapaundi 20 pachaka.

Chigiriki chomwe adachiphunzira mu usiwa chidabala zipatso mu 1516 pomwe Johann Froben wa ku Basel adasindikiza Chipangano Chatsopano cha m'Chigiriki chomwe Erasmus adakonza. Martin Luther adagwiritsa ntchito bukuli pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522. Komabe Erasmus sadachoke mu mpingo wa Katolika, ndipo mbali zonse ziwiri zinkamudzudzula.

Adamwalira ku Basel pa 12 Julaye 1536. Panthawiyi sadalinso mmphawi, ndipo m'wilo yake adasiya chuma choti chizithandiza okalamba ndi odwala, atsikana osauka ofuna kulowa m'banja komanso achinyamata a nzeru zakuthwa pamaphunziro. Bwenzi lake Bonifacius Amerbach ndiye adayendetsa thumbalo.

Mu 1987 mayiko a ku Ulaya adakhazikitsa ndondomeko ya Erasmus, ndipo m'chaka choyamba ophunzira 3,244 ochokera m'mayiko 11 adapita kunja. Wophunzira salipira fizi kuyunivesite yomwe yamulandira, amalandira thandizo la ulendo ndi zofunika pamoyo, ndipo maphunziro omwe wachita kumeneko amawerengeredwa pa digiri yake akabwerera kwawo. Kuyambira 2014 ndondomekoyi imatchedwa Erasmus+, ndipo mayunivesite a mu Africa amatha kutenga nawo mbali kudzera m'mapangano ndi anzawo a ku Ulaya.