Ludwig Boltzmann, mkulu amene anaikira kumbuyo tinthu tosaoneka

Anzathu, mukapopa tayala la njinga mpaka kulimba kuti gwa, mumadziwa chalilimbitsa n'chiyani? Ndi tinthu ting'onoting'ono ta mpweya, totchedwa mamolekyu, timene timamenya chubu m'kati mosalekeza. Mwezi uno tikukambirani za munthu amene anathera moyo wake pa nkhani imeneyi, akatswiri anzake ena akukana kuti tinthuti tiliko n'komwe.

Ludwig Boltzmann anabadwira ku Vienna m'dziko la Austria mu 1844. Pofika 1869, ali ndi zaka 25 zokha, anali kale pulofesa pa yunivesite ya Graz.

Mfundo imene ankaimirira ndi iyi: kutentha ndi kuyenda kwa tinthu timeneti. M'madzi oundana timangonjenjemera pamalo amodzi, titagwirana. Akasungunuka timayenda mokhulana, n'chifukwa chake madzi amatengera maonekedwe a chidebe. Mukawawiritsa timataya tinzake n'kumwazika ngati nthunzi. Boltzmann anaika mtima kwambiri pa mpweya, momwe tinthuti timathamanga mamita pafupifupi 500 pa sekondi. Poti n'tosawerengeka, simungalondole kamodzikamodzi. Choncho, potsatira ntchito ya James Clerk Maxwell, iye ankawerengera khalidwe la gulu lonse, ndipo mu 1872 anatulutsa samu yosonyeza mmene kugundana kwa tinthuti kumasinthira liwiro lake.

Koma Ernst Mach ndi Wilhelm Ostwald, akatswiri omveka ndithu, sankavomereza chinthu chimene munthu sanachionepo, ndipo mtsutso unatenga zaka. Uku maso ake akufooka, mphumu ikumusautsa, matenda ovutika maganizo nawo osamusiya. Pa 5 September 1906, ali kutchuthi ndi banja lake ku Duino pafupi ndi Trieste, anadzipha.

Patangotha zaka ziwiri, mu 1908, Jean Perrin wa ku France anayeza kugwedezeka kwa tizidutswa toyandama m'madzi, ndipo zotsatira zinagwirizana ndi zimene Albert Einstein anawerengera mu 1905. Ostwald uja anagonja, n'kuvomera kuti maatomu aliko.

Tisafulumire kunena kuti mtsutso ndiwo unamupha, chifukwa matendawo anakhala nawo zaka zambiri. Koma taonani, munthu wanzeru chonchi, wapantchito yabwino, wabanja lake, mumtima zinali zitamulemera. Ndiye mnzanu wa m'kalabu muno akayamba kudzipatula, musangoti zake zikuyenda. Mupezeni, mucheze naye, ndipo zikakula mumuperekeze kuchipatala.