Dona Issie Hofmeyr, Mphunzitsi wa Akhungu

Misyoni ya Dutch itakhazikika pa Magwero m'caka ca 1899, akhungu a dziko lino anali anthu oiwalika, ongokhala pakhonde osayembekeza kanthu. Dona Issie Hofmeyr, mkazi wa mbusa, anagwidwa nao cifundo, ndipo m'caka ca 1905 anayamba kuwaphunzitsa kuwerenga Mau a Mulungu ndi zala, pa zilembo za Braille. Anamwalira m'caka ca 1910, koma Dona Ella Botes anapitiriza nchitoyo, ndipo sukulu ya akhungu inakula.

Moyo wace utsutsa ambiri m'midzi ya Katete ndi Nyanje: maso ali nao, Buku liri m'nyumba, koma mtima ukali mumdima. Khungu loopsa koposa ndilo kusakhulupirira. Ndipo iye amene Kristu wamtsegula maso ayenera kuyenda m'ciyero ndi m'cifundo, monga anayendera mai ameneyu.