Colin Trapnell: katswiri amene zolemba zake zikuthandizabe nkhalango za Zambia

Malemu a Colin Trapnell anabadwa m'chaka cha 1907 ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Oxford ku Britain. M'chaka cha 1931 boma la atsamunda linawatumiza ku Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, kukafufuza za nthaka, zomera ndi ulimi.

Pakati pa 1932 ndi 1943 iwo anayendera mbali zambiri za dzikoli, kawirikawiri wapansi. Paliponse pamene afika ankalemba tsiku, malo, mtundu wa dothi, mitengo yomera pamenepo ndi mayina ake m'zilankhulo za eni dera, komanso kalimidwe monga chitemene. Pa zolembazi panachokera malipoti a 1937 ndi 1943, ndiponso mapu a nthaka ndi zomera a dziko lonse.

Ku Copperbelt dzina lawo limakumbukika chifukwa cha kafukufuku wa moto pafupi ndi Ndola. Pa nthawiyo migodi, monga wa Nkana ku Kitwe, inkafuna mitengo ndi nkhuni zochuluka, ndipo panali nkhawa ngati nkhalango za miombo zidzaphukenso. M'chaka cha 1933 nthambi ya zankhalango inapatula zigawo za tchire: zina zinkatenthedwa kuchiyambi kwa chilimwe, zina kumapeto udzu utaumitsitsa, ndipo zina sizinkatenthedwa konse.

A Trapnell anasanthula kaundula wa zigawozi ndi kufalitsa zotsatira zake mu 1959 m'magazini ya Journal of Ecology. Zinaoneka kuti moto wochedwa, ukamabwera chaka ndi chaka, umatha mitengo ya mombo ndi mtondo, pamene mlombwa umapirira. Moto wofulumira unkalola nkhalango kukulabe.

Umboniwu unapezeka chifukwa mitengo inkawerengedwa pa malo omwewo kwa zaka zambiri, ndipo kaundula wake anasungidwa bwino. Mabuku a maulendo awo nawonso sanatayike: mu 2001 bungwe la Royal Botanic Gardens, Kew linawasindikiza m'mavoliyumu atatu, kuti akatswiri aziyerekeza tchire la kale ndi la lero.

A Trapnell anamwalira mu 2004 ali ndi zaka 96. Ofufuza amene amasunga zopeza zawo m'makompyuta masiku ano amatsata lamulo lomwelo: cholembedwa chopanda tsiku, malo ndi dzina lolondola sichithandiza obwera m'mbuyo.