Karl Friedrich Mohr, bambo wa burette ija mumayiopa

Anzanga a Fomu 4 kuno ku Balaka ndi Machinga, practical ya Chemistry ya MSCE ikamayandikira ambiri mtima umagunda ndi titration. Mwezi uno mumudziwe munthu amene anakonza chipangizo chimene mudzagwire tsikulo.

Karl Friedrich Mohr anabadwa pa 4 November 1806 ku Koblenz, m'dziko la Germany. Bambo ake anali ndi sitolo ya mankhwala. Atamaliza maphunziro ku Bonn, Heidelberg ndi Berlin anabwerera kwawo kukawathandiza, ndipo iwo atamwalira mu 1840 sitolo inatsala m'manja mwake. Masiku amenewo mankhwala ankasakaniza okha m'sitolomo. Ukalakwitsa mphamvu yake, wovulala ndi wodwala. Kuyeza molondola kunali nkhani ya moyo wa munthu.

Burette inalipo kale, ya Gay-Lussac wa ku France, koma umachita kuipendeketsa kuti idonthe, ndiye kupyola muyeso kunali kosavuta. Mohr anaimika chubu chake chilili, kunsi n'kuikako kapaipi ka labala ndi kopanira. Ukafinya, asidi amatsika dontho limodzilimodzi. Mu 1855 anatulutsa buku lofotokoza njira za titration, ndipo linafalikira m'malabu ambiri.

Nzeru yake ndi imene mudzagwiritse ntchito. Mwathira 25 cm³ ya sodium hydroxide mu conical flask, mwadonthezamo phenolphthalein, madzi asanduka pinki. Mukutsitsa hydrochloric acid wa 0.1 M mpaka pinki uja wazimiririka, burette yaonetsa 20 cm³. Popeza mole imodzi ya asidiyu imathana ndi mole imodzi ya alkali, chulukitsani 0.1 ndi 20, mugawe ndi 25. Yankho ndi 0.08 M. Samu yake si yovuta ayi. Mamalikisi amathera pa dontho lomaliza: mtundu ukayamba kusintha, chepetsani liwiro, gwedezani flask, ndipo powerenga diso likhale pa mzere umodzi ndi kunsi kwa meniscus.

Moyo sunamuyendere myaa Mohr. Mu 1837 analemba pepala lonena kuti mphamvu sitayika koma imangosintha mtundu, magazini yotchuka ya sayansi inalikana. Mu 1857 anasiya bizinesi, kenako ndalama zake zinalowa m'madzi. Ali ndi zaka 57 anayambiranso, kukaphunzitsa ku yunivesite ya Bonn, ndipo mu 1867 anakhala pulofesa. Anamwalira komweko pa 28 September 1879. Mpaka lero pali mchere wina wa m'labu wotchedwa Mohr's salt.

Inu amene mukubwereza mayeso chaka chino, zaka 57 zija muzikumbukire. Ndipo inu amene kusukulu kwanu burette ndi imodzi kalasi yonse, musamangoonerera kumbuyo. Pemphani aphunzitsi muigwireko nokha mayeso asanafike.