FRANCIS POULENC, WOPEKA NYIMBO AMENE ANABWERERA KWA MULUNGU

Mlendo wofika mu mzinda wa Paris, likulu la dziko la France, salephera kukaona nyumba yaikulu ya masewero oimba yochedwa Palais Garnier. Anayamba kuimanga m'chaka cha 1861, m'nthawi ya mfumu Napoleon III, naitsegula m'chaka cha 1875. Dzina lache lichokera kwa mmisiri amene anailinganiza, Charles Garnier. Makwerero ache ndi a miyala yonyezimira ya mtengo wapatali, ndipo m'katimo muli malo a anthu pafupifupi 2,000. Masewero a m'menemo, amene achedwa opera, ndi nkhani zimene ochita sewero sazinena ndi mau wamba koma aziimba, ndipo zambiri ndi za chikondi, nsanje ndi nkhondo za mafumu. Koma pa 21 June 1957 anthu a ku Paris anaona m'nyumba yomweyo sewero la asisitere opita ku imfa alikuimbira Maria Virigo. Wopeka nyimbo zache anali Francis Poulenc.

Poulenc anabadwa ku Paris pa 7 January 1899. Atate ache, a Émile, anali opanga mankhwala ndiponso Mkatolika wolimba. Amai ache ndiwo anayamba kumphunzitsa kuliza piyano akali mwana. Amaiwo anamwalira m'chaka cha 1915, atate m'chaka cha 1917. Tsono mnyamatayo, pokhala ndi chuma ndi luso, anatayirira za chipembedzo, natchuka ndi nyimbo zokondweretsa ndi zoseketsa.

M'mwezi wa August 1936 mnzache wopeka nyimbo, Pierre-Octave Ferroud, anafa mwadzidzidzi pa ngozi ya galimoto ku Hungary. Imfayi inamzunguza mtima Poulenc. M'masiku omwewo anapita ku Rocamadour, malo oyera a kum'mwera kwa France, kumene kuli tchalitchi laling'ono lomangidwa pa thanthwe, losunga chifanizo chakuda cha mtengo cha Maria Virigo. Kumeneko chikhulupiriro cha ubwana wache chinadzukanso. Usiku womwewo anayamba kupeka nyimbo ya Litaniya yolemekeza Amai Maria, naitsiriza m'sabata imodzi. Pambuyo pache anapeka Misa m'chaka cha 1937, Stabat Mater m'chaka cha 1950, ndi Gloria m'chaka cha 1959.

Ntchito yache yoposa zonse ndi Dialogues des Carmélites, ndiko kunena zokambirana za Asisitere a Karmeli. Maziko ache ndi mbiri yoona. Pa nthawi ya chipanduko cha ku France, boma linatseka nyumba za asisitere, ndipo pa 17 July 1794 asisitere 16 a ku Compiègne anadulidwa mitu ku Paris chifukwa chokana kusiya moyo wao wodzipereka. Pa mbiriyi olemba awiri Achikatolika, Gertrud von Le Fort ndi Georges Bernanos, anaikapo msungwana wongopeka dzina lache Blanche, wamantha chibadwire, amene athawa pamene anzache alumbira kufera Kristu.

Poulenc anagwira ntchitoyi kuyambira 1953 mpaka 1956, ndipo iye mwini anazunzika ndi mantha onga a Blanche: anadwala maganizo, naopa kuti ali ndi nthenda yakupha, naleka kulemba miyezi ingapo. Komabe anatsiriza. Sewerolo linaonetsedwa koyamba ku Milan mu January 1957, lisanafike ku Paris. Pothera pache asisitere ayamba kuimba Salve Regina onse pamodzi. Mpeni ukagwa, liu limodzi lichepa, mpaka patsala mmodzi yekha. Pamenepo Blanche atuluka m'khamu la anthu, napita ku imfa mtima uli phee, alikuimba.

Poulenc sanali munthu wangwiro, ndipo sanabise kuti mtima wache unali kukokedwa uku ndi uku, ndi za Mulungu ndi za pansi pano. Anamwalira ku Paris pa 30 January 1963. Asisitere aja Papa Pius X anawacha Odala m'chaka cha 1906, ndipo Papa Francis anawalemba m'gulu la Oyera pa 18 December 2024.

Mkristu wofoka, ndi katekisiti wotaya mtima chifukwa cha ana ache a mpingo osokera, alingalire moyo wa munthu ameneyu. Mbeu imene atate ache anafesa inakhala m'nthaka zaka pafupifupi 20 isanamere. Ndipo Mulungu sanayembekeze kuti mantha ache athe. Anagwiritsa ntchito munthu wamanthayo kuti kulimba mtima kwa amartiri kulalikidwe m'nyumba ya masewero, kwa anthu ambiri amene sakadabwera kudzamva ulaliki m'tchalitchi.